Mfuti ya a Mwale ndi Dzina Limene Sindinaitane

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a bambo Dafuleni Mwale, pakuti chaka chakwana chiwaikireni. Ife akumpingo tinaimba, achibale anakandira simenti, ndipo pobwerera mphwawo Kondwani, mwana wa mlongo wawo, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "A Zimba, inu mumatha kulemba makalata a mpingo. Lembaniko za atsibweni, anawa asadzangomva kuti kunali nkhalamba ina ya mfuti." Ndinavomera msanga. Nditafika kunyumba m'pamene ndinaona kuti sindingalembe za iwo popanda kulembanso kulakwa kwanga. Ndilemba zonse ziwiri.

A Mwale anagwira ntchito ya ulenje wa boma zaka zambiri. Nyama ikatuluka m'nkhalango yosungirako nyama ili kumadzulo kwathu kuno, n'kuyamba kuwononga minda kapena kuopseza anthu, amene ankatumidwa anali iwo. Atapuma ntchito anabwerera kuno kwa Mwase, kumudzi kwa amayi awo, nayamba kulima fodya ngati ife tonse. Kunena zoona, fodya sankamutha. Ena akamamaliza kuthyola mzere wachitatu, iwo amakhala akadali pa woyamba, akutembenuza tsamba ngati akuwerenga kalata. Akazi awo, mayi Nachisale, ankawakalipira ali kuchigafa: "Bambo inu, tsambalo silikuthawani! Lithyoleni!" Iwo ankangoseka n'kupitiriza momwemo.

Anali aafupi, phewa lakumanja lotsikirapo, khutu limodzi losamva bwino chifukwa cha kulira kwa mfuti. M'tchalitchi ankakhala pabenchi yomalizira, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo. Tinawapempha kangapo kuti abwere kutsogolo kumene kumakhala akulu a mpingo, poti ulaliki sankaumva bwino kumbuyoko. Anakana. Ankati munthu wokhala kutsogolo amaona mlaliki yekha, koma wokhala pakhomo amaona nkhosa zonse. Mapemphero akatha ankatigwira panja mmodzimmodzi: uje sanabwere, kodi akudwala? Mayi aja a mwana wakhanda aja lero sindinawaone, ndani akawaone? Ena ankatopa nawo. Ine ndemwe ndinkatopa nawo.

Mfuti anali nayo yawoyawo, ya chiphaso, chimene ankapalasira njinga chaka ndi chaka kupita ku boma kukachikonzetsa. Inkapachikidwa pamisomali iwiri m'chipinda, ndipo inkatsika Loweruka lililonse kuti aipukute ndi kansalu ndi mafuta a makina osokera. Inali yolemera, mtengo wake wakuda ndi thukuta la m'manja. M'mbali mwake munali kachitsulo ka mutu wobulungira kamene iwo ankakatcha mpiringidzo, chifukwa kamayenda ngati kotsekera chitseko. Ukawomba kamodzi, mfutiyo imakhala chete. Uyenera kukweza kachitsuloko, kukakokera m'mbuyo kuti khoko la chipolopolo ligwe, kukakankhira kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe, kenako n'kukatsitsa. Ukatero m'pamene ungawombenso. Inkanyamula zipolopolo zowerengeka chabe, koma chilichonse chinali chachitali kuposa chala changa chapakati.

Anthu ambiri anakhumudwa nayo mfuti imeneyi, chifukwa ankayesa kuti mudzi wapeza ndiwo. Wina akabwera kudzapempha kuti akamuphere nkhanga kapena gwape wa paukwati, a Mwale ankamuuza kuti akagule mbuzi. Ankati iwo sanaphepo nyama chifukwa cha nkhuli, ndipo nyama iliyonse imene anaigwetsa anayamba aipempherera kaye kuti ibwerere yokha kwawo.

Kondwani naye analowa ntchito ya ulonda wa nyama m'nkhalango momwemo. Mfuti imene anam'patsa kuntchito inali ya mtundu wina: yopepukirapo, yokhala ndi kabokosi ka zipolopolo zambiri kunsi kwake. Imeneyo imadzidyetsa yokha. Ukakhethemula, imalavula khoko n'kumeza chipolopolo china iwe usanaphethire, ndipo chala chikangofinyanso, yawombanso. Kondwani akabwera kutchuthi, mkangano wa awiriwa unkayamba asanamalize n'komwe kupatsana moni, ndipo ife oyandikana nawo tinkasendeza mipando.

"Atsibweni, chinkhuni chanuchi simunachisonkhezebe pamoto? Azakhali akuvutika nkhuni."

"Iwe, chinkhuni chimenechi chinayamba ntchito amako asanakuyembekezere. Yako ija waisiya kuti, yolongolola ija?"

"Ili kuntchito. Ija, inu mukamalimbana ndi mpiringidzo wanuwo kamodzi, ine ndawomba kasanu."

"Kasanu! Ndiye kuti kanayi konseko umaphonya?"

"Ayi, atsibweni, musatero."

"Yako ija ili ngati mlaliki wosakonzekera. Mawu mbwee, koma potuluka ukafunsa anthu kuti amva chiyani, palibe akudziwa."

"Nanga nguluwe zikabalalika m'munda wa mtedza, ina uku ina uko, inu ndi chinkhuni chanucho mugwetsa zingati?"

Pamenepo a Mwale ankakanda kumutu n'kuvomera. Sanali munthu wokana choonadi pofuna kupambana mkangano. Ankati ya mphwawoyo ili ndi ntchito yake. Nguluwe zothawa mobalalika, kapena mlonda akakumana m'tchire ndi anthu opha nyama mozemba amene nawonso ali ndi mfuti, pamenepo pafunika yofulumira, ndipo iwo sakanalola mwana wa mlongo wawo kulowa m'nkhalango ndi ya mpiringidzo. Koma njovu ndi njati, ankati, sizigwa ndi kuchuluka kwa phokoso. Chikopa chake n'chochindikala, fupa la pamphumi n'lolimba, ndiye pafunika chipolopolo chimodzi cholemera, choikidwa pamalo pake. Ankayamikiranso kuti yawoyo ili ndi zitsulo zochepa m'kati, fumbi la m'chilimwe siliitsamwitsa, ndipo patali imalunjika bwino.

Koma chimene ankaikondera kwenikweni sichinali chimenecho. Ankakonda kachetechete kamene kamakhala pakati pa chipolopolo choyamba ndi chachiwiri. Ankati m'kanthawi kameneko, dzanja likamakoka mpiringidzo, maso amapeza mpata woonanso, ndipo mtima umafunsa ngati kuwombanso kuli kofunika. Ankabwereza mpaka kutitopetsa kuti chipolopolo sichiima pamene paima nyama. Chimapitirira, ndipo kuseri kwa nyama iliyonse kuli china chake. Mlenje asanafunse kuti nyama ili pati, ayambe wafunsa kuti kuseri kwake kuli ndani. Malemba amatilangiza kuti khutu litsogole, lilime litsatire pambuyo. Ine ndinaphunzira zimenezo m'kalasi ya ubatizo n'kuziiwala. A Mwale anaziphunzira kwa chitsulo, ndipo sanaziiwale.

Tsopano ndifike pa tsiku lija.

Zinali zaka za makuponi, pamene feteleza wotsika mtengo anafika m'midzi. Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo chimanga chinakula monga sitinachionepo: chobiriwira mpaka kuda, chotalika kuposa munthu wokweza mkono. Tinalima mpaka kumphepete kwa dambo. Ukalowa mizere itatu, mnzako wa panjira samakuonanso. Tinkayamika Mulungu, ndipo kuyamikako kunali koyenera.

Ine ndinali mlembi wa komiti ya mudzi, choncho buku la mayina a mabanja onse, limene tinkagwiritsa ntchito pa makuponi, linkakhala kwanga. Ndinkalinyadira bukulo. Munalibe banja la m'mudzi mwathu limene ndinalisiya. Koma kuseri kwa dambo kuli esiteti ya fodya, ndipo kumeneko kunkakhala matenanti, mabanja ochokera kum'mwera amene amabwera kudzalima fodya wa eni esiteti. Iwo m'bukumo munalibe, pakuti sanali a mudzi wathu. Mwezi wa njala akazi awo ankabwera kudzapempha ganyu m'minda mwathu. Tinkawapatsa, tinkawalonjera bwino, koma tinkangowaitana kuti "amayi a kuesiteti." Mmodzi wa iwo, wa mwana kumsana, ndinamuuza ndekha sabata imeneyo kuti adzazulire udzu m'chimanga changa tsiku lililonse limene angapeze mpata.

Lachinayi m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, munthu wina wa njinga anafika akuthamanga wapansi, njinga ataitaya. Anati njati yamuthamangitsa panjira ya kudambo, ikutsimphina, waya wa msampha uli kumwendo, ndipo yalowa m'chimanga changa. Njati yovulala ndi yoopsa kuposa nyama ina iliyonse, imabisala n'kudikira. Tinaimbira foni Kondwani. Anafika chakumasana panjinga yamoto ali yekha, chifukwa galimoto ya anzake inatitimira m'matope. A Mwale anali atatsitsa kale mfuti pamisomali.

Kondwani analamula kuti anthu onse atuluke m'minda asonkhane pabwalo la tchalitchi, ndipo titsimikize kuti palibe watsala. Ine ndinathamangira buku langa. Ndinaima pakhonde la tchalitchi n'kuitana banja ndi banja, ndipo aliyense ankayankha kuti ake onse alipo, ana ndi akulu omwe. Nditafika pa dzina lomaliza ndinatseka bukulo n'kunena mokweza kuti, "Onse alipo. Mulungu alemekezeke." Anthu anati ameni.

Ndinaperekeza a Mwale ndi Kondwani kuti ndikawaonetse malire a munda wanga. Pangodya ya mundawo pali chulu chachikulu, ndipo tinakwera pamenepo. Kutsogolo kwathu kunali ngayaye zokhazokha, mphepo kunalibe. Kenako, cha pakati pa munda, chimanga chinagwedezeka.

"Ndi imeneyo," anatero Kondwani monong'ona, mfuti ili kale paphewa. "Ndiwaze zipolopolo pamenepo, ituluka yokha."

A Mwale sanayang'ane kumundako. Anayang'ana ine.

"A mlembi, mwati onse alipo?"

"Onse, bambo. Ndaitana ndekha."

"Onse a m'buku lanu lija?"

"Eya."

"Nanga a kuesiteti mwawaitana?"

Nkhope ya mayi wa ganyu uja inandibwerera, ndi nsalu yake yofiira, ndi mwana kumsana. A Mwale anaona nkhope yanga, ndipo sanafunsenso. Anaika chikhatho pamwamba pa mfuti ya mphwawo n'kuitsitsa pang'onopang'ono mpaka inaloza pansi.

"Atsibweni, ithawa!"

"Taona bwino, mphwanga. Njati ikasuntha imagwedeza mapesi khumi nthawi imodzi. Apo likugwedezeka ndi limodzi."

Tinayang'anitsitsa. Linalidi phesi limodzi, likuweramira uku n'kubwerera, ngati munthu akukodola mnzake. A Mwale anakweza mawu pang'ono chabe, mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala: "Ngati muli munthu m'menemo, musayankhe. Gwedezani kawiri, kenako muleke."

Phesi linagwedezeka kawiri, n'kuima.

Kondwani anapuma mpweya waukulu, thukuta likutsika m'khosi.

A Mwale anati ngati munthuyo sakufuula, ndiye kuti nyamayo ili naye pafupi kwambiri. Anayang'ana kumene ntchentche zinkazungulira pamwamba pa chimanga, mizere ingapo kuchokera paphesi lija, nati yagona pamenepo. Kuwombera tili pachulu sikukanatheka, chifukwa mayiyo akanakhala kuseri kwa njati. Anandiuza kuti ndisatsike pachulupo zivute zitani. Iwo ndi Kondwani anazungulira munda mwakachetechete, ulendo umene kwa ine unali ngati chaka, mpaka anakaima pakamtunda kopanda mbewu pakati pa chimanga ndi dambo, pamene nyama ikatuluka mayi uja akanakhala kumbali, osati kuseri kwake. Ndinkawaona bwinobwino. A Mwale anavula chipewa n'kuchiika pansi, anatola chibuluma cha dothi, n'kuchiponya m'chimangamo. Kenako anatsokomola dala.

Chimanga chinang'ambika. Sindinadziwe kuti chinthu chachikulu chotero, chotsimphina, chingathamange motero. A Mwale anaidikira mpaka inatuluka poyera, ndipo mfuti yawo inalira kamodzi, kulira kumene ndinakumva m'mimba. Njati inagwada ndi miyendo yakutsogolo. Ndinayesa kuti zatha. Koma inadzuka, magazi ali m'mphuno, n'kulunjika pa iwo. Ndinaona dzanja lawo likupita pa mpiringidzo, n'kuterereka. Nyamakazi inali itawapinda zala zaka zimenezo, ndipo iwo sankauza munthu. Anagwiranso kachiwiri, kachitsulo kanakwera, koma nyama inali itafika.

Apo m'pamene ya Kondwani inalankhula: katatu, motsatizana ngati kuwomba m'manja. Zipolopolo zakezo sizinaigwetse njatiyo, koma zinaipotoza khosi, inadzandira n'kutembenukira kwa iye. Kanthawi kameneko kanakwana. Mpiringidzo unatsika, mfuti yolemera inaliranso, ndipo njati inagwa chammbali pafupi kwambiri ndi chipewa chija.

Kenako mapesi anapatuka, ndipo mayi uja anatuluka, matope thupi lonse, mwana ali pachifuwa. Anali atagona mumzere kuyambira m'mawa. Anati atamva nyama ikupuma pafupi anagona pansi n'kuika bere m'kamwa mwa mwanayo, ndipo bere limodzi likatha ankamusinthira linalo kuti asalire. Atamva mawu athu pachulu, anatambasula dzanja n'kugwira phesi.

A Mwale anatola chipewa chawo, koma sanachivale.

"Pepani, mayi, mwazunzika. Dzina lanu ndani?"

"Edina."

"Nanga wamng'onoyu?"

"Madalitso."

Anatembenukira kwa ine, amene ndinali nditatsika pachulu. "A mlembi, mwamva? Edina ndi Madalitso." Sanawonjezere liwu lina londidzudzula, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kondwani anali atakhala pansi, mfuti ili pamiyendo. Anayesa nthabwala kuti mtima ukhale pansi.

"Atsibweni, yolongolola ija lero yalalikira bwanji?"

"Lero yalalikira bwino, mphwanga. Mawu atatu, onse a mfundo. Popanda iwe azakhali ako bwenzi akumeta."

"Koma mukanapanda kuitsitsa pachulu paja..." Kondwani anaphimba nkhope ndi manja, ndipo atsibweni ake anakhala naye pansi pomwepo mpaka galimoto ya anzake inafika.

Mwezi wotsatira a Mwale anakulunga mfuti yawo m'chiguduli, anaimangirira panjinga, n'kukaipereka ku boma. Palibe anawauza kutero. Ankati mfuti imene imadikira dzanja ifunika dzanja loyankha msanga, ndipo lawo layamba kuchedwa. Sanadandaule. Anabwerako ndi shuga ndi nsalu ya mayi Nachisale, ndipo Loweruka, nthawi imene ankapukuta mfuti, anayamba kuyendera odwala. Mkangano wawo ndi Kondwani sunathe ayi. Unkangoyamba monga kale, koma tsopano aliyense ankatha ndi kuteteza mfuti ya mnzake, mpaka ife omvera tinkasokonezeka.

Ine ndinapita kwa iwo Lamlungu lotsatira tsiku lija, ndili ndi mawu ambiri a kulapa amene ndinawakonza. Anandimvera ndi khutu lawo labwino lija, kenako anati Ambuye anakhululuka kale, chatsala n'chakuti ndigule kope lina. Ndinagula. Chaka chilichonse matenanti atsopano akafika, ndimawoloka dambo n'kulemba mayina awo, akulu ndi ana, osati a makuponi kapena a china chilichonse, koma kuti adziwike. Timamva kawirikawiri za mbusa amene anasiya khola lodzaza n'kupita kukafuna nkhosa imodzi. Ndinkaganiza kuti chodabwitsa m'nkhaniyo ndi ulendo wake. Tsopano ndimaona kuti chodabwitsa n'chakuti anadziwa kuti imodzi palibe.

Mayi Edina anakhala nyengo zina ziwiri kuesiteti, kenako anabwerera kwawo ndi banja lawo. Asanapite ankabwera kutchalitchi kwathu, ndipo poti anali amanyazi ankakhala pabenchi yomalizira, pambali pa a Mwale. Anzawo anawatsatira, ndipo atsopano akabwera amapeza kuti benchi imeneyo ndi yawo.

A Mwale anamwalira mwamtendere, masana, atakhala pampando pakhonde, atangofunsa akazi awo ngati mwana wa oyandikana nawo wachira malungo. Anakhuta masiku, ndipo sindiwalira monga alira anthu opanda chiyembekezo.

Titachoka kumanda Loweruka lija ndinalowa m'nyumba mwawo kukatsanzika mayi Nachisale. Misomali iwiri ija ikadalipo. Khoma lonse linada ndi utsi wa zaka, koma pakati pa misomaliyo patsala chithunzi choyererapo, chachitali, chokhala ndi kachotupa m'mbali pamene pankakhala mpiringidzo. Mayiwo akana kuti apakepo laimu, ndipo sapachikapo kanthu.

M'mawa mwake, Lamlungu, inali nthawi yanga yolengeza. Ndinaima kutsogolo n'kuyang'ana kumbuyo. Benchi yomalizira inali yodzaza ndi a kuesiteti, othinana, ana ali pamiyendo, ena mpaka ataima kukhoma. Ambiri a iwo ndi atsopano, a Mwale sanawaonepo. Koma kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene thabwa linasalala ndi kukhalidwa, anasiyapo malo a munthu mmodzi. Dzuwa lolowera pakhomo linkagwera pomwepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene monga timanenera, kuti tonse tasonkhana, koma ndinayamba ndatseka kaye. Ndinawerenga benchi ndi benchi mpaka kukafika pamalo opanda munthuwo, ndipo m'pamene ndinalankhula.